Kodi Mwana Wopulupudza Ayenera Kupatsidwa Ulemu?

Mu 1959 mumzinda wa London munatuluka buku lotchedwa To Sir, With Love. Analilemba ndi a Edward Ricardo Braithwaite, munthu wakuda wochokera ku British Guiana, dziko la ku South America limene lero limatchedwa Guyana. Ndi nkhani yolukidwa kuchokera pa zimene iwo anakumana nazo pophunzitsa achinyamata a zaka 14 ndi 15 m'dera la anthu osauka la East End, ana amene aphunzitsi ena anali atawagwetsera kale mphwayi. Ambiri amaidziwa nkhaniyi chifukwa cha filimu ya mu 1967 imene Sidney Poitier anasewera ngati mphunzitsiyo. Koma m'bukuli muli funso lakalekale limene lasautsa makolo, abusa, mashehe ndi akatswiri a nzeru zakuya: kodi ulemu ndi malipiro amene munthu amalandira akasonyeza khalidwe labwino, kapena ndi mangawa amene aliyense ali nawo kwa munthu mnzake, ngakhale kwa mwana wamwano amene wangotukwana kumene?

A Braithwaite sanalowe uphunzitsi chifukwa choukonda. Anabadwira ku Georgetown mu 1912, anaphunzira ku New York, ndipo pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse analowa m'gulu la asilikali a ndege la Britain. Nkhondo itatha anamaliza maphunziro a sayansi ku Cambridge, n'kuyamba kufunafuna ntchito ya uinjiniya. Makalata awo ankayankhidwa mwansangala, koma akangofika pamaso pa mabwana, nkhope zinkasintha. M'bukumo akufotokoza za kampani ina imene inavomera kuti maphunziro awo ndi okwana, koma inawakana chifukwa choti antchito achizungu sakanalola kulamulidwa ndi munthu wakuda. Patapita miyezi yambiri ali pa ulova, nkhalamba ina imene anacheza nayo ku St James's Park inawalangiza kuti ayese uphunzitsi, poti masukulu a ku East End ankasowa aphunzitsi.

Choncho munthu amene analowa m'kalasi ija anali ndi bala lake. Ulemu anaugwirira ntchito, anauikira moyo wake pachiswe pankhondo, koma sanaulandire. Iye ankadziwa bwino kuposa wina aliyense kuti amene amanena kuti ulemu ndi malipiro, kawirikawiri ndi omwewo amene amasunga thumba la malipirowo n'kumasankha womupatsa.

Nawo ana anali ndi mabala awo. Potsatira lamulo la maphunziro la mu 1944, mwana wa ku England ankalemba mayeso ali ndi zaka 11, ndipo mayeso amenewo ndiwo ankagamula tsogolo lake. Okhoza ankapita kusukulu zokonzekeretsa ana maphunziro apamwamba, pamene otsala, omwe anali ochuluka, ankapita kusukulu zodikirira kuti akwanitse zaka 15 akayambe ntchito zamanja. East End inali itaphwasulidwa ndi mabomba a Germany mu 1940 ndi 1941. Mabanja ankapanikizana m'tinyumba tachinyontho, abambo ambiri ankadalira maganyu a kudoko, ndipo ana ena ankafika kusukulu m'mimba muli pululu. Mwana wotere dziko linali litamuuza kale, asanathe n'komwe msinkhu, kuti iye ndi wotsalira.

Sukulu imene m'buku ikutchedwa Greenslade inalipodi. Dzina lake lenileni linali St George-in-the-East, ya mu Cable Street ku Stepney, ndipo mphunzitsi wamkulu amene m'buku akutchedwa a Florian anali a Alex Bloom, omwe anatsogolera sukuluyi kuyambira mu 1945 mpaka imfa yawo mu 1955. A Bloom anachotsa chikwapu pasukulu pawo, pamene m'masukulu aboma a ku England kukwapula ana kunapitirira kukhala kololedwa mpaka mu 1987. Anachotsanso mphotho ndi mipikisano, anakhazikitsa bwalo la ana lokambirana za kayendetsedwe ka sukulu, ndipo mlungu uliwonse mwana aliyense ankalemba momasuka maganizo ake pa maphunziro ndi pa aphunzitsi ake, popanda kuopa chilango. Poyamba a Braithwaite, amene anakulira m'mwambo wokhwima, ankaona ngati kumeneku n'kulekerera.

Ana anawalandira ndi nkhondo ya magawo atatu. Anayamba ndi kukhala duu, kumangochita zimene auzidwa popanda chidwi chilichonse. Kenako linabwera phokoso: mphunzitsi akamawerenga, wina ankamenyetsa chivundikiro cha desiki dala, n'kunamizira ngozi. Pomaliza kunabwera zotukwana ndi zolaula. Zinafika pachimake tsiku limene a Braithwaite anapeza kalasi itadzaza utsi wonunkha, wina ataponya pamoto wa m'mbaula padi yogwiritsa kale ntchito, ya amayi akakhala kumwezi. Anatulutsa anyamata onse n'kuwalalatira atsikanawo ndi mawu olasa. Bukuli silibisa kuti tsiku limenelo mphunzitsi anapsa mtima mpaka kutaya khalidwe.

M'mawa mwake anabwera ndi nzeru ina. Anauza anawo kuti popeza pakangopita miyezi yochepa akhala akugwira ntchito ngati akuluakulu, kuyambira tsiku limenelo azitengedwa ngati akuluakulu. Mtsikana aliyense aziitanidwa ndi mawu aulemu oti Miss, anyamata aziitanidwa ndi maina a makolo awo, ndipo iwo eni aziitanidwa kuti Sir. Nkhani iliyonse ya moyo, kaya ntchito, ukwati, chipembedzo kapena tsankho, inali yololedwa kukambidwa m'kalasi. Mnyamata wina anatsutsa, akuti atsikanawa amawadziwa kalekale, palibe chowapatsira ulemu. Mphunzitsi anamufunsa ngati analipo mtsikana m'kalasimo amene iye ankamuona kuti ndi wosayenera ulemuwo. Atsikana onse atamuyang'anitsitsa, mnyamatayo anasowa chonena.

Chofunika kuchiona apa ndi tsiku limene ulemuwo unaperekedwa. Sunabwere ana atasintha. Unabwera m'mawa wotsatira tsiku limene anachita chinthu chonyansa kuposa zonse. Amene anakulira m'mudzi wa Achewa sangadabwe nazo kwenikweni, pakuti namwali akatuluka kuchinamwali amasiya kuitanidwa ndi dzina la paubwana, anthu n'kuyamba kumutchula ndi mfunda wake, aPhiri kapena Nabanda, asanamange nyumba, asanalime munda wakewake. Mudzi umamuveka ukulu kaye kuti aukulire.

Komabe otsutsa njira imeneyi si anthu opanda nzeru. Kholo lililonse likudziwa mwana wosasatitsidwa mmene amathera. Akuluakulu amati kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo buku la Miyambo m'Baibulo limachenjeza kholo lolekerera mwana wake. M'nkhani ya a Braithwaite maganizo otere akumveka m'chipinda cha aphunzitsi, makamaka kwa a Weston, mphunzitsi wotopa amene ankaona anawo ngati osatheka. Mfundo ya otsutsa ndi yakuti ukalemekeza mwana wamwano ukumuphunzitsa kuti mwano ulibe mtengo wake, ndiponso ukumulakwira mwana wofatsa amene wakhala akudziletsa chaka chonse.

Yankho lagona pa kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amakonda kuziphatikiza. Pali kutamanda ndi kukhulupirira munthu, zomwe zimagwiridwadi ntchito: palibe angasungitse ndalama za kalasi kwa mwana wakuba, ndipo palibe angayamikire homuweki yosalembedwa. Koma palinso kumuona munthu ngati munthu, kumuitana ndi dzina lake, kumumvetsera akamayankhula, kusamuchititsa manyazi pagulu. Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Königsberg, analemba mu 1785 kuti zinthu zina zili ndi mtengo, kotero zikhoza kusinthanitsidwa ndi zinzake, koma munthu alibe mtengo wogulira chifukwa palibe chingalowe m'malo mwake. Kwa Kant ulemerero umenewu suchokera pa nzeru za m'kalasi kapena pa khalidwe la tsiku limenelo. Umachokera pa chakuti munthu ali ndi kuthekera kosankha chabwino, ndipo kuthekera kumeneku sikufafanizika ngakhale wasankha choipa kambirimbiri.

Zipembedzo zinafika pa mfundo yomweyi kale kwambiri, podzera njira ina. Buku la Genesis limaphunzitsa kuti munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo chifanizirocho chinaperekedwa munthu asanachite chabwino kapena choipa. Nkhani ya Zakeyu mu Luka 19 imaonetsa ndondomeko yomweyo ya m'kalasi ya ku Stepney. Zakeyu anali mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, wolemera ndi chuma chobera anthu a mtundu wake. Yesu anamuitana ndi dzina ali mumtengo wa mkuyu, n'kudziitanira yekha kunyumba kwake, khamu la anthu likung'ung'udza. Lonjezo lopereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi zimene analanda linabwera pambuyo pake. Kulapa kunali chipatso cha ulemu umene anaulandira, sikunali chiphaso cholowera.

M'Chisilamu, Qur'an pa sura 17 imaphunzitsa kuti Mulungu analemekeza ana onse a Adamu. Sura 80, malinga ndi omasulira ambiri, inatsika pamene Mtumiki Muhammad anachita tsinya munthu wakhungu, Abdullah ibn Umm Maktum, atamudula mawu akukambirana ndi akuluakulu a fuko la Quraysh. Mtumiki anadzudzulidwa chifukwa choika patsogolo anthu otchuka, n'kunyalanyaza munthu wonyozeka amene anabwera kudzafuna kuphunzira. Phunziro lake likugwera mphunzitsi aliyense amene maso ake amangothera pa ana anzeru a kutsogolo.

Kodi njirayi imagwira ntchito? Ofufuza anayesapo kuyankha. Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anachita kafukufuku pasukulu ina ya pulayimale ku California, ndipo zotsatira zake anazisindikiza mu 1968. Anauza aphunzitsi kuti mayeso ena aonetsa kuti ana akutiakuti achita bwino kwambiri chaka chimenecho, pamene zoona zake n'zakuti mainawo, pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu alionse, anangosankhidwa mwachisawawa. Pakutha pa chaka ana osankhidwawo anapita patsogolo kuposa anzawo, makamaka a m'makalasi oyambirira. Kafukufukuyu anatsutsidwa ndi akatswiri ena, ndipo wotsatira wake anapeza kuti chiyembekezo cha mphunzitsi chimakhudzadi mwana, koma mphamvu yake nthawi zambiri ndi yocheperapo kusiyana ndi mmene anthu anatengekera poyamba.

Apa ndiye pali msampha. Ngati mphunzitsi alemekeza mwana chifukwa chongofuna kuti kalasi ikhale bata, ulemuwo wasanduka nyambo, ndipo tsiku limene udzalephere kukola adzautaya. Kant yemweyo anachenjeza kuti munthu asatengedwe ngati chida chabe chopezera zimene wina akufuna. Mauthenga Abwino nawonso salonjeza kuti chifundo chimabweza phindu nthawi zonse. Mwa akhate khumi amene anachiritsidwa mu Luka 17, mmodzi yekha ndiye anabwerera kudzathokoza, koma asanu ndi anayi aja sanalandidwe machiritso awo. Marko 10 amanena za munthu wachuma amene Yesu anamuyang'ana n'kumukonda, komabe munthuyo anachoka ali wachisoni, osasintha. Ulemu umene umadikira zotsatira ndi malipiro omwe aja, kungoti aperekedwa mwa katapila.

Ulemu wa a Braithwaite sunali wonyengerera. Unabwera ndi katundu wake. Ana anayenera kusamba, kuvala mwaukhondo ndi kuyankhula modekha. Pamene mphunzitsi anawatengera ku Victoria and Albert Museum, ulendo umene aphunzitsi ena ankauona ngati kuputa dala mavuto, anawo anafika atadzikonza ndipo anasunga mwambo. Tsiku lina mphunzitsi wa masewera anakakamiza mnyamata wonenepa kudumpha chida chimene sakanachitha, mpaka mwanayo anagwa n'kupweteka. Mnzake Potter anatola mtengo kufuna kumenya mphunzitsiyo. A Braithwaite anavomera kuti mphunzitsi analakwa, komabe anaumirira kuti Potter akapepese, pakuti munthu wamkulu amayankha pa zochita zake ngakhale waputidwa. Bukuli silibisanso kuti Denham, mtsogoleri wa anyamata ovuta, anayamba kumvera atagonja pamasewera a nkhonya amene iye mwini anakakamiza mphunzitsi kuti achite naye. Chimene chinamugwira mtima Denham n'chakuti wopambanayo sanamunyoze kapena kumulanga pambuyo pake.

Mayeso enieni anabwera ndi maliro. M'kalasimo munali Lawrence Seales, mwana wa bambo wakuda ndi mayi wachizungu, amene anakulira limodzi ndi anzakewo m'misewu yomweyo. Mayi ake atamwalira, ana anasonkha ndalama zogulira nkhata ya maluwa, koma itakwana nthawi yosankha wokapereka, onse anazyolika. Anafotokoza kuti anthu a m'dera lawo angawanene akawaona akulowa m'nyumba ya munthu wakuda. Ana omwewo amene ankati amakonda mphunzitsi wawo wakuda anakanika kuponda pakhomo pa mnzawo wofedwa. A Braithwaite anatuluka m'kalasi mtima utasweka, akuona ngati miyezi yonse ija yapita pachabe. Kenako mtsikana wina, Pamela Dare, anadzipereka kuti akapereka yekha nkhatayo. Tsiku la maliro mphunzitsi anapitako, ndipo atakhota pamsewu anapeza pafupifupi kalasi yonse itaima pakhomo pa a Seales.

Mutu umenewu ndiwo mtima wa buku lonse. Kulemekeza mphunzitsi amene akukukomera mtima n'kosavuta, ndipo mwina ndi kubweza chabe. Koma pakhomo pa a Seales anawo anapereka kwa munthu wina chimene iwo analandira kwaulere, podziwa kuti chiwadyera mbiri kwa anansi awo. Zimenezi owerenga oyamba anaziwerenga chaka chimodzi chokha chitapita kuchokera pamene magulu a achinyamata achizungu anaukira anthu akuda ku Notting Hill mu 1958.

Nanga anawasintha ndani anawa? Filimu imachititsa woonera kuganiza kuti ndi munthu mmodzi, ngwazi yolowa m'kalasi n'kupulumutsa onse. Augustine wa ku Hippo sakanavomera. Iye mwini anali mnyamata wovuta: ali ndi zaka 16 ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, iye ndi anzake anaba zipatso m'munda wa mnansi usiku, osati chifukwa cha njala, n'kukaziponyera nkhumba. Cha m'ma 389 analemba kabuku konena za mphunzitsi, kokhala ngati kucheza kwa iye ndi mwana wake Adeodatus. Mfundo yake inali yakuti mawu a mphunzitsi salowetsa choonadi m'mutu mwa wophunzira. Amangomudzutsa kuti ayang'ane m'kati mwake, mmene Mphunzitsi weniweni, yemwe kwa Augustine ndi Khristu, amaunikira. Mwa kuona kotere, mphunzitsi wa m'kalasi ndi woitana chabe, ndipo kuyankha n'kwa mwana mwini.

Mbiri ikugwirizana naye. A Braithwaite anagwira ntchito pamunda umene a Bloom anali ataulima kale kwa zaka zingapo. Pa nkhani ya maliro, amene anathyola mantha a kalasi anali mtsikana wa zaka zosakwana 16. Ndiponso bukuli ndi umboni wa munthu mmodzi wodzifotokoza yekha. Patapita zaka zambiri, mmodzi wa amene anaphunzira pasukuluyi analemba buku la moyo wake, ndipo anawakumbukira a Braithwaite ngati mphunzitsi wolusa amene ana ankamuopa. Umboni umenewu sukugwetsa mfundo ya bukuli. Ukungokumbutsa kuti amene analiona bwino chotere tanthauzo la ulemu analinso munthu wokhoza kulephera kulitsata, monga mphunzitsi wina aliyense amene wafika Lachisanu atatopa.

Naye mphunzitsi anasinthidwa ndi ana. Analowa m'kalasi ali wowawidwa mtima ndi azungu, akuwaona anawo ngati auve ndi opanda mwambo, koma anatulukamo akuwakonda. Atasiya uphunzitsi anagwira ntchito yopezera mabanja olera ana akuda osowa kwawo ku London, zimene anazifotokoza m'buku la Paid Servant mu 1962, ndipo pambuyo pake anakhala kazembe wa Guyana ku United Nations ndi ku Venezuela. Filimu ija sanakondwere nayo, poona kuti inapeputsa nkhani ya tsankho imene kwa iwo inali fupa la bukulo. Boma la tsankho la South Africa linaletsa mabuku awo, ndipo litachotsa chiletsocho mu 1973 linawalola kulowa m'dzikomo powapatsa chilolezo chowawerengera ngati mzungu wongopatsidwa ulemu. Ankagona m'mahotela amene anthu akuda a m'dzikomo ankangololedwa kugwiramo ntchito. Kumeneko anaona mapeto a chiphunzitso chakuti ulemu ndi mphotho: boma likuupereka papepala kwa mlendo wotchuka, n'kumaumana mamiliyoni a eni dziko. Zimenezi anazilemba m'buku la Honorary White mu 1975. Anamwalira ku United States mu December 2016 ali ndi zaka 104.

Funso lija likuyankhika motere: mwana wopulupudza sayenera kutamandidwa pa zoipa zake, ndipo nthawi zina ayenera chilango, koma ulemu wa umunthu wake ndi mangawa amene akulu ali nawo kwa iye, kaya asintha kaya sasintha. Palibe mphunzitsi angalonjeze kuti kalasi yake idzapezeka pakhomo la maliro monga inachitira ya ku Stepney. Chimene chili m'manja mwake ndi dzina limene amuitanire mwanayo, malo amene amudzudzulire, ndi mpata umene amupatse kuti afotokoze mbali yake. Aphunzitsi a m'masukulu, a Sande sukulu ndi a kumadrasa, pamodzi ndi makolo amene ali ndi mwana wowasowetsa tulo, aleke maina onyoza monga mbuzi, chitsiru kapena mbuli. Amudzudzulire pambali, osati pamaso pa anzake, amufunse chimene chikumusautsa, ndipo achite zimenezi kuyambira tsiku limene walakwitsa kwambiri, osadikira kuti ayambe wakhala mwana wabwino.